Aphunzitsi ofufuza mbiri ya midzi kuno ku Chipata, mmene anandigwirira ntchito

Anthu angapo akhala akundifunsa za kabuku kaja ka mbiri ya mudzi wathu kamene ndinabwera nako kumudzi pa nthawi ya Kulamba, ati munakapanga kuti, ndalama zingati, kodi munthuyo ndi wodalirika. Manje m'malo moyankha mmodzimmodzi ndati ndingolemba zonse pamodzi, zabwino ndi zimene zinandiwawa, aliyense adzionere yekha.

Nkhani inayamba ndi achemwali anga amene ali ku Canada, amagwira ntchito ya unesi m'katauni kang'ono m'chigawo cha Saskatchewan, kuja kuli zigwa zosalala zopanda ngakhale chulu, tirigu yekhayekha mpaka pomwe maso alekezera. Tsiku lina anandiimbira pa WhatsApp ali ndi chibuku chachikulu m'manja, cholemera ngati njerwa, ati taona mng'ono wanga, katauni kano anthu ake safika ngakhale a ku Mtenguleni, mudzi uja wa Nc'wala, pa tsiku wamba koma ali ndi buku lawo, banja lililonse lili ndi tsamba lake, zithunzi za agogo awo, sukulu yoyamba, tchalitchi choyamba, ndi chifukwa chimene malowo anapatsidwira dzina. Ati matauni ambiri kumeneko analemba mabuku otere cha m'ma 1980 pomwe chigawocho chimakwanitsa zaka 75, chifukwa chinakhazikitsidwa mu 1905. Ndiye mwana wawo kusukulu anamuuza kuti alembe za dzina la kumene akukhala ndi dzina la kumene makolo ake anachokera, mwana kufunsa amake kuti dzina la mudzi wathu litanthauza chiyani, amake kukhala chete. Kundifunsa ine, nanenso chete. Zinandipweteka mtima abale, munthu wamkulu ndi ana anga atatu kulephera kuyankha mwana wa zaka 11.

Mnzanga wa ku Saturday Market ndi amene anandilozera kwa abambo ena, aphunzitsi opuma pantchito, ali ndi kashopu ka kompyuta mbali ya ku Kapata, kaja ka fotokope ndi kutaipa makalata, koma kuseri kwake ali ndi tebulo lina ndi makatoni a mapepala akale ndipo ntchito imene amaikonda kwenikweni ndi yofufuza mbiri ya midzi, mayina a malo ndi mibadwo ya mabanja. Dzina lawo sindilemba pano, amene akufuna andipeze kumbali.

Tsiku loyamba ndinafika cha m'ma 9, kunali kutayamba kale kutentha. Anandipatsa mpando wapulasitiki, ati khalani pansi amayi, musathamange, mbiri sifunika liwiro. Anatulutsa kope la sukulu lija la mizere ndi bolopeni nayamba kundifunsa, amayi anu mfunda wawo ndani, ambuya anu anabadwira pomwepo kapena anachita kubwera, manda akale ali mbali iti ya mudzi, madzi mumatunga dambo liti. Mafunso ena ndinayankha, ambiri ndinangoti ndikafunsa amalume. Sanandichititse manyazi ngakhale pang'ono ndipo chimenecho ndinachikonda, ati ambiri amene amabwera pano amafika choncho, ndiye chifukwa chake ndilipo.

Za mtengo tinagwirizana K1,800 ntchito yonse, kupatula transipoti ndi chakudya cha pa ulendo ndi kupulinta. Theka poyamba, theka pomaliza. Analemba risiti ya pamanja nasaina. Ena mwina muona ngati yachuluka, inenso ndinayamba ndadandaula mumtima, koma dikirani mumve ntchito yake.

Mbali ya ku Canada anaimaliza masiku awiri basi chifukwa zonse zili pa intaneti. Ndipo anandiitana kuti ndibwere ndidzaone ndekha pa kompyuta, anali atasangalala ngati mwana. Anandionetsa mapu, ati taonani mzere uwu, iyi ndi njanji imene kampani ya Grand Trunk Pacific inamanga zaka zoyambirira za m'ma 1900, manje werengani mayina a masiteshoni motsatana. Ndinawerenga, Fenwood, Goodeve, Hubbard, Ituna, Jasmin, Kelliher, Leross. Ati mwaona chiyani? Ine sindinaone kanthu mpaka anandilozera zilembo zoyamba, F, G, H, I, J, K, L, kani a njanji aja ankangotsata afabeti potchula malo, kutsogolo kuli Watrous, Xena, Young, Zelma, zilembo zikatha nkuyambiranso Allan, Bradwell, Clavet. Tangoganizani, anthu kubadwira m'tauni, kukwatira, kuikidwa m'manda momwemo, dzina lake linabwera chifukwa choti chilembo chimenecho ndicho chinali pa mzere tsiku limenelo. Koma anandionetsanso kuti pansi pa mayina amenewa pali mayina a eni dziko. Saskatchewan yemweyo ndi mawu a anthu a mtundu wa Cree onena za mtsinje wothamanga, Saskatoon ndi dzina la kachipatso kena ka kutchire m'chiyankhulo chawo chomwecho, ndipo likulu lawo Regina analitcha choncho mu 1882 polemekeza Mfumukazi Victoria koma kale malowo ankadziwika ndi mulu wa mafupa a njati za kumeneko, mpaka lero kamtsinje ka mumzindamo kakutchedwa Wascana kuchokera ku mawu a Cree otanthauza mafupa. Boma la kumeneko linapanga lamulo mu 1872 lodula dziko m'mabokosimabokosi, munthu wobwera ankalipira madola 10 nkupatsidwa maekala 160 bola alime ndi kumangapo nyumba, eni nthaka nkuwakankhira m'malo osankhidwa ndi boma.

Apa aphunzitsi anavula magalasi, ati amayi, kodi nkhani iyi simukuimva ngati ya kwathu? Ndiye anayamba. Chipata yomwe tikukhalayi inali Fort Jameson, dzina la Leander Starr Jameson mnzake wa Cecil Rhodes, ndipo inali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911 pamene anaphatikiza mbali ziwiri kukhala Northern Rhodesia. Azungu anakhazikika atagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898, chaka chomwe anawombera Nsingu mwana wa Mpezeni. Ufulu utabwera mu 1964 mayina aja anayamba kuchotsedwa, Fort Jameson kukhala Chipata, Broken Hill kukhala Kabwe, Fort Rosebery kukhala Mansa, Abercorn kukhala Mbala, ndipo kungodutsa pa Mwami apa Fort Manning anakhala Mchinji. Dzina la Chipata mukalimva bwino ndi khomo, mpata, ndipo mukaima pa phiri la Kanjala nkuyang'ana mmene tauniyi yakhalira pakati pa mapiri mumvetsa nokha. Anatchulanso Magwero kumene a mishoni ya Dutch Reformed anayambira mu 1899, ndi Madzimoyo, mayina achinyanja koma obwera ndi mpingo, kenako komboni ya Nabvutika, ati limenelo silifuna womasulira, anthu anadzitchulira okha mmene moyo unalili.

Ndinatuluka mushopu muja mutu uli wodzaza, ndinakwera njinga ya hayala kubwerera kunyumba njira yonse ndikuwerenga zikwangwani ngati mlendo.

Manje ntchito yeniyeni inali ya kumudzi, mbali ya ku Katete, ndipo apa ndi pomwe ndalama yanga inagwira ntchito. Pa intaneti mudzi wathu palibe, ngakhale pa Google Maps ukafufuza umangoona msewu wafumbi ndi madenga, dzina ayi. Aphunzitsi ali ndi mafotokope amene anatenga kale ku National Archives ku Lusaka, a mabuku aja ankalembamo ma DC a chitsamunda za boma lililonse, mafumu, midzi, msonkho, ndiponso ali ndi mapu akale ong'ambika m'mbali amene anawamata ndi selotepi. Anafufuza mmenemo sabata yathunthu napeza dzina lofanana ndi la mudzi wathu koma lolembedwa mosiyana, pamene ife timatchula l kalaliki uja analemba r, ndipo h wa pakati anamusiya. Anandiuza mosabisa kuti pepala lokha sangalikhulupirire, tiyeni tikamve kwa eni ake.

Tinapita kawiri. Ulendo woyamba tinanyamuka ndi minibasi ya m'mawa, kutsika pa Katete nkukwera njinga zamoto. Iwo ndi amene anandiuza zoti ndigule, shuga, mchere, sopo ndi nkhuku ya amfumu, ati kwa akuluakulu supita manja lendelende. Titafika sanatulutse kope kapena foni ayi, tinayamba tapita kwa amalume, amalume kutiperekeza kwa nduna, nduna kwa amfumu, iwo anakhala pansi pa dothi ndi thalauzi lawo lositidwa naomba m'manja mwaulemu wonse ngati mwana wa pamudzi pomwepo. Anafotokoza chimene tabwerera, napempha chilolezo chojambula mawu. Ndinaona nkhope ya amfumu ikumasuka pang'onopang'ono, chifukwa poyamba ankaganiza kuti tabwera ndi nkhani ya malo, mukudziwa mmene nkhani za minda zavutira masiku ano, munthu akangofunsa za malire akale aliyense amatcheza khutu.

Koma apa ndi pomwe ndinakhumudwa koyamba, ndipo ndinawauza pamaso. Tsiku lonse loyamba anakhala ndi azibambo okhaokha pansi pa mtengo wa mango, azimayi tili chapatali kuphika. Iwo ndi Mngoni, kwawo mbiri imayenda ndi bambo, ndiye ngakhale amadziwa bwino za Achewa chizolowezi chinawakoka, mafunso awo anali akuti atate anu anali ndani, nanga atate awo. Azibambo ambiri a pamudzi pathu ndi akamwini, anachita kubwera kudzakwatira, mbiri ya mudzi angaidziwe bwanji kufika pansi? Madzulo amayi aakulu, akulu awo a malemu amayi anga, anandikokera kuseri kwa nkhokwe, ati iwe mwana, mlendo wakoyu akufunsa mbuzi za mkaka wa ng'ombe, mudzi uno ndi wa mbumba, abwere kuno. Ndinakawauza aphunzitsi ndili ndi mantha kuti akwiya. Anakhala chete kanthawi kenako ati amayi mwanena zoona, ndalakwitsa, ndipo ulendo wachiwiri sanandilipiritse tsiku lawo, ndinangolipira transipoti.

Ulendo wachiwiri uja sindidzauiwala. Tinakhala pa mkeka pakhonde la agogo ena amene maso anasiya kuona, manja awo akusenda chimanga osayang'ana, njere zikugwera m'lichero. Aphunzitsi anaika foni pa mtondo wogona pafupi nawo nafunsa funso limodzi lokha, ati agogo, inu muli kamtsikana mudzi uno unali pomwe pano? Agogo anaseka, ati ayi mwana wanga, tinali kutsidya kwa dambo, uko kuli mitengo ya mibawa ndi manda akale. Ndiye anayamba kuyala nkhani, mmene anthu anasamutsidwira malo abwino atatengedwa kukhala mafamu a fodya, mmene anapanikizana pa nthaka ya mchenga, mmene azibambo ankapitira ku Walale, Zimbabwe ya lero, kukasaka ndalama ya msonkho ena osabwerako, ndi mmene anadzabwerera pambuyo pake. Aphunzitsi ankangogwedeza mutu, osawadula pakamwa ngakhale pamene nkhani inakhotera ku chinamwali chawo ndi chaka cha dzombe. Pobwerera anandifotokozera kuti zimene ananena agogo zikugwirizana ndi zolembedwa, kuti dera lalikulu la kuno linali m'manja mwa kampani ya North Charterland, kuti mu 1928 boma la atsamunda linakhazikitsa malo osungirako anthu akuda, ndipo mu 1941 linagula malo a kampaniyo nkuyamba kubwezerako anthu chifukwa nthaka inali itatheratu kumene anawaunjika. Ndinakumbukira mabokosi aja a maekala 160 a ku Canada ndipo tsitsi linandiimirira.

Ndipo dzina la mudzi? Ife tonse tinakula tikudziwa kuti linachokera ku mtengo wina waukulu umene unali pakati pa mudzi, ngakhale amalume ankanena choncho. Agogo aja anakana, ati mtengowo unadzatchedwa dzina chifukwa cha mudzi, osati mudzi chifukwa cha mtengo. Dzinalo linali lachipongwe la mayi amene anatsogolera mbumba yake kudzakhala pamalopo, ankamunena chifukwa cha mmene ankayendera atanyamula mtsuko, ndipo mlongo wake atalongedwa ufumu anthu anapitiriza kunena kuti tikupita kwa mayi uja mpaka linakhazikika. Agogo anaimba ngakhale kanyimbo ka pamtondo kotchula dzinalo, azimayi ena awiri achikulire nkuyankhira osauzidwa, ine misozi ili mbwembwembwe. Mayi ameneyo ndi ambuya a ambuya anga, ndipo ndinali ndisanamvepo za iwo chibadwire.

Chimene ndinalemekeza kwambiri ndi choti m'kabuku analembamo zonse ziwiri, za mtengo ndi za mayi uja, natchula kuti izi ananena ndi akuti, izi ndi akuti, tsiku lakuti, ndipo pepala la ku Lusaka likunena chakuti. Ndinawapempha kuti angochotsa za mtengo poti tapeza zenizeni, anakana, ati amalume anu nawonso anamva kwa akuluakulu, mwana wa ku Canada aone zonse. Panalinso nkhani ina imene wachibale wina ankafuna ilowe, yoti ufumu unayenera kukhala wa banja lawo, aphunzitsi ati imeneyo ndi ya ku bwalo la mafumu, ine sindine woweruza. Anatipulumutsa ku mkangano waukulu pamenepo.

Manje zolakwika, chifukwa zilipo ndipo musapite muli otseka maso. Choyamba nthawi. Anati milungu 6, zinatenga miyezi inayi. Zina sizinali zawo, magetsi ankathima pafupifupi tsiku lonse nthawi imeneyo ndipo kashopu kalibe sola kapena jenereta, koma zina ndi zawo ndithu, amalandira ntchito zambiri nthawi imodzi ndipo foni sayankha, uthenga wa pa WhatsApp umakhala masiku atatu osawerengedwa, ndinkachita kupita ndekha kukaima pakhomo. Homuweki ya mwana inafika tsiku lake kabuku kasanathe, tinachita kumutumizira mavoisi noti ndi zithunzi za masamba a kope.

Chachiwiri chinandiwawa zedi. Mawu a tsiku loyamba, aja a azibambo, theka lake linatayika chifukwa foni inadzaza ndipo iwo sanazindikire kuti yasiya kujambula. Mwamwayi anali akulembanso m'kope, koma mmodzi mwa madala amene anayankhula tsiku lija anamwalira mwezi wotsatira, mawu ake sitidzawamvanso. Anapepesa kwambiri, ndinaona kuti nawonso zawakhudza, koma kupepesa sikubweza mawu. Inu mukapita nyamulani foni yanu ina yokhala ndi malo, muzijambula nonse awiri, ndipo mukangofika pa netiweki tumizani kwa wachibale kuti zisungike pawiri.

Chachitatu ndi mnyamata amene amawataipira. Ndi waulemu koma Chinyanja cholemba chimamuvuta, mayina a anthu anawasokoneza malo ambiri, Phiri pena Piri, ng' pena ng, ndipo anasakaniza kalembedwe, tsamba lina c mmene timaphunzirira kusukulu kuno ku Zambia, tsamba lina ch ngati a ku Malawi. Buku la mayina likalakwitsa mayina ndiye latsala chiyani? Ndinakhala usiku awiri ndi bolopeni yofiira kukonza ndekha. Muwauze poyambirira kalembedwe kamene mukufuna ndipo musalole kupulinta makope ambiri musanawerenge limodzi. Zithunzi nazo zinatuluka zakuda, nkhope ya agogo siyikuoneka bwino, pulinta yawo ndi yakale, ndinakapulintitsa masamba a zithunzi kwina ku Down Shops ndi ndalama ina. Kumanga kwake ndi kwa sipairo ndi chikuto chapulasitiki, sichinthu chokhalitsa zaka zambiri m'nyumba ya kumudzi momwe muli chiswe ndi utsi.

Komanso ndinene, akayamba za Angoni sathanso. Masamba asanu oyamba a kope loyamba anali a Zwangendaba kuwoloka Zambezi mu 1835 tsiku limene dzuwa linadetsedwa, za Mpezeni, za Nc'wala kuyambiranso mu 1980, zonse zoona ndi zokoma koma ife ndife Achewa a kwa Kalonga Gawa Undi, za Mkaika ndi Kulamba anangopatsa ndime imodzi. Ndinawapempha asinthe ndipo anasintha osanyinyirika, anawonjezeramo za Undi, za mfunda wa Banda ndi Phiri, ndi zoti Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005. Anaikanso kamapu kosonyeza mmene maboma agawidwira posachedwapa, Sinda ndi Vubwi kukhala maboma paokha, kenako Kasenengwa, Chipangali, Lumezi, Chasefu ndi Lusangazi, ati mwana wa kunja asasokonezeke akamva wachibale akutchula boma limene pa mapu akale palibe.

Zonse pamodzi, ndi transipoti ya maulendo awiri, mphatso za kumudzi ndi kupulinta makope 10 a masamba 42, ndinawononga pafupifupi K3,500, achemwali anandithandiza theka. Mukandifunsa ngati ndingawatumizire munthu wina, inde ndingatero, ndipo ndawatumizira kale awiri. Kutaipa ndi kupulinta mungapeze kwabwino kuposa pamenepo m'tauni muno, koma munthu wodziwa kukhala pansi pa dothi, kudikira gogo amalize kusenda chimanga, nkudziwanso pepala la ku Lusaka limene likugwirizana ndi zimene gogoyo wanena, ine sindinamuonepo wina. Ngati kwanu kuli nkhalamba imene ikukumbukira pomwe panali mudzi wakale musachedwe, pitani nthawi ya chilimwe misewu isanaonongeke ndi anthu asanatanganidwe ndi kumunda, ndipo ngati ndinu Achewa muwauziretu pakhomo kuti ayambire kwa azimayi.

Kope limodzi ndinasiya kwa amfumu, lina kusukulu ya pulayimale ya pafupi, lina ndinapatsira munthu amene amapita ku Lusaka kuti alitumize ku Canada. La agogo aja ndinawawerengera ndekha pakhonde pomwe paja, anamvetsera mpaka kumapeto kenako ati tsamba la kanyimbo mwalakwitsa, mzere wachiwiri ndi wachitatu mwasinthanitsa. Ndawauza aphunzitsi, ati ndibwere Lachiwiri magetsi akakhalapo tikonze tsambalo, ndipo nditengenso dzina la dambo lija la kutsidya chifukwa agogo anati nalonso lili ndi nkhani yake.